Funsani Mwala Mofatsa, Adzukulu Anga

Adzukulu anga, ndamva kuti ena mwa inu mukulakalaka kudzakhala akatswiri ofukula zakale, aja amakumba m'mabwinja ndi kuwerenga mawu ozokotedwa pamiyala. Mtima wanga wakondwa. Koma musanagwire khasu, khalani pansi ndikuuzeni za mzinda wa Aksum, m'chigawo cha Tigray kumpoto kwa Ethiopia, chifukwa misampha yambiri imene imakola anthu a ntchito imeneyi ili kumeneko.

Aksum unali likulu la ufumu wamphamvu umene unkagulitsa minyanga ya njovu kudzera padoko la Adulis, m'mbali mwa Nyanja Yofiira. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 200 AD mafumu ake anayamba kusula ndalama zawozawo, zagolide, zasiliva ndi zamkuwa. Ufumuwo unatha kalekale, koma zipilala zake zikadalipo, ndipo bungwe la UNESCO linaika malowa m'kaundula wa chuma cha dziko lonse mu 1980.

Chipilala chachikulu mwa zonse chagona pansi, chothyokathyoka. Unali mwala umodzi wosalumikiza, wotalika mamita pafupifupi 33, wolemera matani oposa 500, wochokera kuphiri lina makilomita angapo kumadzulo kwa mzindawo. Amisiri anausema kuti uzioneka ngati nyumba ya nsanjika 13. M'munsi muli chitseko chosatseguka, ndi mphuthu zake zomwe. Pamwamba pake pali mizere ya mawindo, ndipo pakati pa mizereyo pali timitu tozungulira totundumukira kunja. Timitu timeneti ndi nsonga za mitengo yopingasa imene omanga a ku Aksum ankailowetsa m'makoma a nyumba zenizeni. Mmisiri anasema ngakhale mtengo pamwala, ndipo chifukwa cha khama lake munthu wa maso akuthwa amatha kudziwa mmene nyumba zimene zinagwa kalekale zinkamangidwira.

Koma taonani ichi: pa zipilala zikuluzikuluzi palibe dzina la munthu. Chimene chaimirirabe mpaka lero, cha mamita oposa 20, anthu amachitcha chipilala cha mfumu Ezana, koma Ezanayo sanalembepo kanthu. Mwala ukakhala chete chonchi, anthu amauyankhulira, ndipo msampha woyamba ndi umenewu. Kumeneko kuli nkhani yoti mfumukazi Gudit, amene anasakaza dzikolo cha m'ma 900, ndiye anagwetsa chipilala chachikulu chija. David Phillipson ndi anzake, amene anafukula malowa kuyambira 1993 mpaka 1997, anayang'anitsitsa tsinde lake n'kuona kuti gawo lolowa pansi linali lalifupi kwambiri poyerekeza ndi msinkhu wake. Maganizo awo ndi akuti chinagwa pamene anthu ankachidzutsa, zaka mazana ambiri Gudit asanabadwe, ndipo pogwa chinawomba manda aakulu otchedwa Nefas Mawcha. Akulu anati umanena chatsitsa dzaye kuti njovu ithyoke mnyanga. Apa dzaye linatsitsidwa ndi tsinde lalifupi, ndipo analizindikira ndi amene anagwada n'kuyeza.

Chimodzimodzinso ndi bwinja la ku Dungur, limene alendo amauzidwa kuti ndi nyumba ya mfumukazi ya ku Sheba. Francis Anfray atalifukula m'zaka za m'ma 1960, zinaoneka kuti ndi nyumba ya munthu wolemera ya m'ma 500 kapena 600 AD, zaka pafupifupi 1,500 pambuyo pa nthawi ya mfumu Solomon. Musandimve molakwa. Sindikuti muziseka agogo akamakusimbirani nkhani zotere. Mnyamata wobwera ndi digiri n'kumapeputsa eni malo ndi wopanda mwambo, ndiponso amadzitsekera yekha njira, chifukwa eni malowo ndiwo amadziwa pamene khasu linagundapo mwala. Mverani nkhaniyo mwaulemu, ilembeni yonse, lembaninso amene wakuuzani. Imatiuza zimene anthu amazinyadira komanso mmene amadzionera. Chokhacho, musaiike pamalo pa chaka chimene dothi lapereka.

Nanga mwala ukakhala ndi mawu, kodi vuto latha? Ayi, pamenepo m'pamene lakula. M'zaka za m'ma 1980, alimi akulima chakumpoto kwa mzindawo anagunda mwala wautali kuposa munthu, wolembedwa m'Chigiriki, m'chinenero cha Ge'ez, ndiponso m'zilembo za kum'mwera kwa Arabia. Woyankhula pamwalapo ndi mfumu Ezana. Ikusimba kuti anthu a mtundu wa Beja atagalukira, inatuma abale ake awiri kukawagonjetsa. Anabwera nawo mafumu ang'onoang'ono 6 pamodzi ndi anthu awo oposa 4,000 ndi ziweto zawo, anawadyetsa buledi ndi nyama kwa miyezi inayi, kenako anawakhazika kudera lotchedwa Matlia n'kuwapatsa ng'ombe 25,140. Pothokoza mulungu wake, mfumuyo inaimika mafano, limodzi lagolide, limodzi lasiliva, atatu amkuwa. Kumapeto kuli temberero kwa aliyense wowononga kapena kuzula mwalawo.

Mukamawerenga mawu amenewa mtima umakopeka: mfumu yachifundo bwanji, yodyetsa adani ake! Imani kaye. Anthu oposa 4,000 anazulidwa kwawo, kusiya manda a makolo awo, n'kukatulidwa kudziko lachilendo. Mwalawo unawerenga ng'ombe mpaka yomaliza, koma sunanene kuti ndi angati anafera panjira kapena kuti chinawagalukitsa n'chiyani. Pamiyala yakeyo Ezana amadzitchulanso mfumu ya Himyar ndi Saba, madera a kutsidya kwa nyanja ku Yemen, pamene akatswiri ambiri amakayikira ngati m'masiku ake ankalamuliradi kumeneko. Pamwala wina akusimba za nkhondo yake ndi anthu a Noba cha kumtsinje wa Nile, mmene anatenthera midzi yawo ya nyumba zamiyala ndi zaudzu n'kuwononga mbewu ndi thonje lawo, ndipo akuti anawaputa ndi iwowo chifukwa chophwanya malumbiro ndi kulanda katundu wa amithenga ake. Mwina zinaterodi. Koma inu munakhalapo pabwalo la milandu kwa amfumu. Wodandaula akamaliza kuyankhula, ngakhale atayankhula mokoma chotani, nduna zimati tamva, tsopano timve mbali inayo. Mwala wa mfumu ndi wodandaula amene wayankhula yekha kwa zaka zoposa 1,600. Umboni wake ndi wamtengo wapatali, koma ntchito yanu ndi kufunafuna mboni zina.

Ndikupatseni chitsanzo cha mmene mboni zimathandizirana. Miyala ya Ezana ilibe chaka chimene ife tingachiwerenge. Pamiyala yoyambirira amadzitcha mwana wa Mahrem, mulungu wa nkhondo, amene m'mawu a Chigiriki akutchedwa Ares. Pamwala wa nkhondo ya Noba, Mahrem wasowa, m'malo mwake muli Ambuye wa Kumwamba. Pamwala wina wa Chigiriki akutchula Atate, Mwana ndi Mzimu Woyera. Ndalama zake zikuvomereza: zoyamba zili ndi mwezi wokhota ndi kadzuwa pamwamba pake, zotsatira zili ndi mtanda. Choncho tadziwa kuti mfumuyi inatembenukira ku Chikhristu ili pampando. Koma liti? Yankho linachokera kutali. Cha m'ma 356, mfumu ya Aroma Constantius II inalembera kalata Ezana ndi m'bale wake Saizana, kuwapempha kuti abweze bishopu Frumentius ku Alexandria akafunsidwe za chikhulupiriro chake. Athanasius, bishopu amene anadzoza Frumentius, anaikopera kalatayo m'buku lake lodziteteza, ndipo inapulumuka motero. Mwala, ndalama ndi kalata, chilichonse pachokha n'choperewera. Zikakumana, Ezana amaima bwinobwino pakati pa zaka za m'ma 300. Kuchokera pamenepo timadziwanso nthawi imene zilembo za Ge'ez zinayamba kuonetsa mavawelo, pakuti kusinthaku kukuonekera pamiyala ya mfumu yomweyi, ndipo zilembo zimenezo ndi zimene Chiamhariki ndi Chitigrinya zimalembedwera mpaka lero.

Tsopano ndikuuzeni za munthu amene ndimamulemekeza kwambiri m'nkhani yonseyi, ngakhale ambiri amamuseka. Cosmas Indicopleustes anali wamalonda wa ku Alexandria, amene atakula analemba buku lokakamira kuti dziko lapansi ndi lathyathyathya. Cha m'ma 520 anali ku Adulis, kumene tsopano ndi ku Eritrea, pa nthawi imene mfumu Kaleb ya ku Aksum inkakonzekera kuwoloka nyanja kukamenya nkhondo ku Yemen. Polowera mumzindawo panali mpando wachifumu wa mwala woyera, ndipo kumbuyo kwake kunali mwala wina wakuda, wothyoka chakumunsi. Yonse iwiri inali ndi mawu a Chigiriki. Kaleb analamula bwanamkubwa wa mzindawo kuti amutumizire mawuwo, ndipo bwanamkubwayo anapempha Cosmas ndi mnzake Menas kuti akawakopere. Anakopera n'kupereka, koma Cosmas anasungako kope lakelake, limene pambuyo pake analiika m'buku lija.

Cosmas ankaganiza kuti mawu onsewo ndi nkhani imodzi ya mfumu Ptolemy ya ku Egypt, yoyambira pamwala wakuda n'kupitirira pampando. Anaphonya. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1800, Henry Salt, amene anafika ku Aksum mu 1805 n'kuona mwala wina wa Ezana, anazindikira kuti zinali nkhani ziwiri zosiyana. Ya pamwala wakuda inalidi ya Ptolemy III, amene analamulira kuyambira 246 mpaka 222 BC, ndipo imatchula njovu zogwidwa m'madera amenewo kuti zikagwire ntchito pankhondo. Ya pampando inali ya mfumu ya ku Aksum imene dzina lake linatayika, yokhalako zaka mazana angapo pambuyo pake. Msoko wake unaoneka chifukwa nkhani yoyamba imanena za mfumu ngati munthu wina, pamene yachiwiri mfumu ikudziyankhulira yokha, mayiko otchulidwa nawonso ndi osiyana. Mpando ndi mwalawo sizinapezekenso mpaka lero. Chimene tili nacho ndi kope la wamalonda uja basi.

Taganizani Cosmas akanati, apa sipakugwirizana, ndikonzepo pang'ono kuti nkhani iyende bwino. Msoko uja ukanafufutika, ndipo mfumu yonse ya ku Africa, ndi nkhondo zake, ndi zaka 27 za ulamuliro wake zimene zatchulidwa pampandopo, ikanamezedwa m'dzina la Ptolemy. Kumasulira kwake kunali kolakwika, koma dzanja lake linali lokhulupirika, ndipo kumasulira kolakwika obwera m'mbuyo amakukonza. Kope lonama ndiye lilibe mankhwala, makamaka mwala ukatayika. N'chifukwa chake ndikukupemphani, m'kabuku kanu ka kumalo ofukula muzikhala ndi masamba awiri oyang'anizana. Kumanzere lembani zimene maso aona: mizere ingati, chilembo chiti chikuoneka bwino, chiti chadyeka, mng'alu wadutsa pati. Kumanja lembani zimene mukuganiza. Chilembo chikakhala chosaoneka, siyani mpata ndipo onetsani kuti ndi mpata. Mtima umafuna kudzaza, makamaka ukamayembekezera dzina la mfumu yotchuka, koma muukanize.

Akatswiri a ku Germany otsogoleredwa ndi Enno Littmann anafika ku Aksum mu 1906 ndi chilolezo cha mfumu Menelik II, ndipo mabuku awo a mu 1913 akugwirabe ntchito chifukwa anayeza, anajambula ndi kukopera mosamala. M'masiku amenewo wokopera ankatsuka mwala, n'kuyalapo pepala lochindikala lonyowa, n'kumaligogoda ndi burashi mpaka lilowe m'kamzere kalikonse. Likauma ankalimatula lili ndi zilembo zotundumuka, zoyang'ana chakumbuyo. Lero amajambula zithunzi zambirimbiri mozungulira mwala, kompyuta n'kuzilumikiza. Koma chida chachikulu sichinasinthe, ndicho kuwala kochokera cham'mbali. Mwala umene masana umaoneka wosalala, m'mamawa dzuwa likadali m'munsi, kapena usiku mutayatsa tochi n'kuigoneka m'mphepete mwake, kamzere kalikonse kamagwira mthunzi ndipo zilembo zimadzuka. Mungafunike kubwerera pamwala umodzi kangapo musanatsimikize chilembo chimodzi. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Ndipo musadzayerekeze kudetsa zilembo ndi choko kapena makala kuti zioneke pachithunzi, chifukwa mukatero mwajambula maganizo anu ndipo mwawononga mwala.

Mboni ina imene achinyamata amainyoza ndi dothi. Manda ambiri a pansi pa zipilala za ku Aksum anabedwa kalekale, ngakhale kuti m'manda ena a zipata za njerwa munatsalabe minyanga yosemedwa mwaluso, magalasi ndi zitsulo. Koma gulu la Phillipson silinakhutire ndi manda a mafumu. Linakakumbanso ku Kidane Mehret, kumene kunkakhala anthu wamba. Kumeneko ankatapa dothi n'kulithira m'madzi, njere zopserera n'kuyandama, n'kuzisefa ndi kansalu kuti akaziyang'ane pa maikulosikopu. Anapeza tirigu, balere, teff, thonje ndi mphesa. Zinaonekanso kuti pamene mafumu ankasula ndalama zagolide, amisiri a mumzindamo ankagwiritsabe ntchito zipangizo zamiyala popala zinthu. Palibe mfumu inalembapo zimenezi. Amene anakoka mwala wa matani 500 uja, ndi amayi amene ankawaphikira, mbiri yawo ili m'dzala, ndipo wofufuza woyenda ndi mtima wofuna golide amaiponda osaiona.

Dothi limayankha pokhapokha ngati silinasokonezedwe. Kachidutswa ka makala kakhoza kuyezedwa n'kupereka zaka zake, koma zakazo zimathandiza ngati mukudziwa kuti kanali pansi pa khoma kapena pamwamba pake. Kukumba ndi kuwononga, chifukwa chimene mwachotsa simungachibwezeretsenso mmene chinalili. Choncho wokumba wopanda kabuku, wopanda tepi yoyezera, wopanda chilolezo, ndi wakuba ngakhale atakhala ndi mtima wabwino. Ndipo kuba kumeneku amachita ndi akuluakulu omwe. Mu 1937 asilikali a Mussolini anatenga chipilala chachiwiri cha ku Aksum, cha mamita 24 ndi matani 160, chimene chinali chitagwa kale, n'kukachiimika mumzinda wa Rome ngati chizindikiro cha kupambana kwawo. Italy inalonjeza mu 1947 kubweza zimene inalanda, koma zaka zinkangopita. Mphenzi inachiwomba mu 2002. Chinabwerera kwawo mu April 2005, m'zidutswa zitatu, pa ndege yaikulu ya mtundu wa Antonov, ndipo chinaimikidwanso mu 2008. Anthu a ku Ethiopia sanatope kuchiitanitsa kwa zaka zonsezo, ndipo ine ndimawatamanda, pakuti chipilalacho chinali cha pamanda a makolo awo.

Mwina mukuti, agogo, zonsezi n'zakutali. Si zakutali kwenikweni. Phillipson yemwe uja asanapite ku Aksum anagwira ntchito ku Zambia, ndipo anafukula mapanga okhala ndi zojambula ku Thandwe, Makwe ndi Kalemba, kum'mawa kwa dzikolo, pakati pa anthu oyankhula chinenero chathu chomwechi. Kuno ku Dedza tili ndi Chongoni, malo 127 a zojambula za pamiyala, amene UNESCO inawaika m'kaundula wake mu 2006. Zofiira zija amati zinajambulidwa ndi Akafula, ndipo zoyera zambiri ndi za makolo athu Achewa, zokhudza chinamwali ndi gule wamkulu. Si zilembo ngati za Ezana, koma ndi umboni wosiyidwa pamwala, ndipo mwambo woufunsira ndi womwewo. Zimandipweteka mtima kuona mwana wa sukulu atalemba dzina lake ndi makala pamwamba pa chojambula chimene chapirira mvula ndi dzuwa kwa mibadwomibadwo. Musamathirepo madzi kuti utoto uwale, musamakhudze ndi manja a thukuta, musamasonkhe moto m'phangamo. Zina mwa zojambulazo zili ndi eni ake amoyo, anamkungwi ndi akuluakulu a kudambwe, ndipo pali zimene angakuuzeni ndi zimene sangakuuzeni. Chimene akubisirani musachipeke. Mukapeza mapale, mikanda kapena mafupa polima kapena pokumba maziko, zisiyeni pomwepo, jambulani, lembani malo ndi tsiku, kenako kauzeni amfumu ndi a nthambi ya boma yoona za zinthu zakale.

Ntchito yotsala ndi yambiri, ndipo ina ndi yaikulu ndithu. Ku Sudan, ufumu wa Kush umene likulu lake linali Meroe, umenenso Ezana ankati ndi wake, unali ndi zilembo zakezake 23. Francis Llewellyn Griffith anatulukira katchulidwe kake cha m'ma 1911, moti lero katswiri amatha kuwerenga mawuwo mokweza, koma tanthauzo la ambiri mwa iwo silikudziwikabe. Ku Hamadab, pafupi ndi Meroe, John Garstang anapeza mu 1914 mwala waukulu wokhala ndi mayina a mfumukazi Amanirenas ndi kalonga Akinidad, umene tsopano uli ku British Museum ku London. Ambiri amaganiza kuti ukusimba za nkhondo imene anthu a ku Kush anamenyana ndi Aroma cha m'ma 25 BC. Mbali ya Aroma tinaimva kudzera mwa wolemba wina dzina lake Strabo. Mbali inayo inalembedwa ndithu, mizere yoposa 40, koma omva chinenerocho mokwanira sanapezeke. Akatswiri monga Claude Rilly akuchiyerekeza ndi zinenero za Chinubiya ndi zina zoyandikana nazo zimene anthu akuyankhulabe ku Sudan ndi ku Eritrea, ndipo akupita patsogolo liwu ndi liwu.

Ngati pali wina pakati panu amene mtima wake wagunda pomva zimenezi, ayambe tsopano akadali wamng'ono. Alimbikire mbiri yakale, masamu ndi sayansi ya nthaka, aphunzire kujambula ndi pensulo chimene akuchiona, ndipo asaope zinenero. Wofuna miyala ya ku Aksum afunika Chigiriki ndi Ge'ez, wofuna ya ku Meroe awonjezere chinenero chakale cha ku Egypt ndi Chinubiya. Pa tchuthi akapemphe kuthandiza akatswiri pamene akufukula, ngakhale ntchito yake itakhala yosefa dothi ndi kutsuka mapale.